Kodi kachipangizo kakang'ono kangadziwe bwanji kuti m'piritsi kapena m'magazi muli panado?

Pali uthenga wina wa pa WhatsApp womwe sufa. Umachenjeza kuti musamwe panado wolembedwa P-500 chifukwa ati muli kachilombo ka Machupo. Wakhala ukuzungulira kuyambira 2017, ndipo akuluakulu oona za mankhwala m'maiko angapo anautsutsa kalekale kuti ndi bodza. Komabe ukangogwa m'gulupu, wina amafunsa ndithu kuti, nanga ife tingadziwe bwanji zomwe zili m'piritsi? Funsoli ndi lomveka. Mu 2017 momwemo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti m'maiko osauka ndi apakatikati, pa mankhwala 10 alionse, amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pa mlingo woyenera.

Mwina n'chifukwa chake nkhani zakuti asayansi apanga kachipangizo kotsika mtengo koyezera mankhwala zimafala msanga. Zambiri mwa zipangizo zimenezi ndi za mtundu umodzi. Zimazindikira mankhwala poyeza timagetsi tochepetsetsa tomwe timatuluka mankhwalawo akakhudza kachitsulo kapena kaboni wopatsidwa mphamvu ya batire. Tiyeni tizione potsata panado, chifukwa ndiye mankhwala omwe ali m'nyumba iliyonse ndi pa okala aliyense, komanso ndi amodzi mwa omwe ofufuza amawayesa kwambiri.

Mwina muli nacho kale m'nyumba

Sensa ndi chipangizo chomwe chimamva kuti chinthu china chilipo n'kusandutsa kumvako kukhala nambala. Aliyense amene amasamala wodwala shuga anaigwirapo. Kasitiripi kaja mumadontheza magazi a pachala, mukakayang'anitsitsa mudzaona timizere takuda kapena tonyezimira tolowera mkati. Timizere timeneto ndi maelekitirodi, kutanthauza tinjira topangidwa ndi kaboni, siliva kapena golide tomwe timalumikiza magetsi ndi madzimadzi omwe akuyezedwa. Makina omwe mumalowetsamo kasitiripiko ali ndi ntchito ziwiri zokha: kupereka mphamvu yoyezedwa bwino, ndi kuwerenga magetsi omwe abwerera.

Sensa ya panado imagwira ntchito mofananamo, ndipo penapake ndi yosavuta kuposa ya shuga. Tiona chifukwa chake kutsogoloku.

Zomwe zimachitika pa elekitirodi

Mankhwala alionse ndi khamu la tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa mamolekyulu. M'piritsi limodzi la panado la 500 mg muli mamolekyulu ochuluka ngati nambala 2 yotsatidwa ndi maziro 21. Molekyulu iliyonse ili ndi maelekitironi, tinthu tomwe tikamayenda m'waya timati magetsi. Mamolekyulu ena amagwiritsitsa maelekitironi awo zolimba. Ena, akakokedwa pang'ono, amataya. Panado ali m'gulu lachiwirili. Molekyulu yake ikafika pa elekitirodi yomwe ikukoka mokwanira, imasiyapo maelekitironi 2.

Mphamvu yokokerayo ndiyo voliteji, ndipo imayezedwa m'mavoti. Kuti timvetse bwino, taganizani za venda wogula mbewu amene wakolowekera sikelo yake pansi pa mtengo kumudzi. Akuyamba ndi mtengo wotsika, palibe yemwe akusuntha. Akukweza pang'onopang'ono. Atafika penapake, eni chimanga akuyamba kutulutsa matumba. Akukwezanso, akubwera a soya. Pamwamba penipeni mpamene a mtedza akulola. Munthu amene sanasuzumire m'thumba ngakhale limodzi, koma walemba mtengo ndi kuwerenga matumba otuluka pa mtengo uliwonse, akhoza kukuuzani mbewu zomwe zili m'mudzimo ndi kuchuluka kwake. Pa sensa, voliteji ndiwo mtengo, maelekitironi ndiwo matumba.

Makina amakweza voliteji pang'onopang'ono n'kumajambula mzere pa tchati. Mzerewo umayenda chogona, kenako umatumphuka kupanga kaphiri, n'kutsikanso. Pomwe kaphiriko kaima pamasonyeza mtundu wa mankhwala. Kutalika kwake kumasonyeza kuchuluka kwa mankhwalawo. Pa elekitirodi ya kaboni, m'madzi osawawasa, panado amatulutsa kaphiri kake pafupifupi pa theka la voti. Caffeine, yemwe amaphatikizidwa ndi panado m'mapiritsi ena a mutu ndi chimfine, ndi wouma manja, amafuna pafupifupi mavoti 1.4. Kayezedwe kameneka akatswiri amakatcha voltammetry. Magetsi ake ndi ochepa zedi, amawerengedwa m'magawo a 1 miliyoni a ampeya imodzi, n'chifukwa chake kabatire kamodzi kamakwana.

Kuti kuwerenga maelekitironi n'chimodzimodzi kuwerenga mamolekyulu, anakhazikitsa ndi Michael Faraday ku London m'zaka za m'ma 1830. Anaonetsa kuti kuchuluka kwa chinthu chomwe chasintha pa elekitirodi kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwa magetsi omwe adutsa.

Maelekitirodi nthawi zambiri amakhala atatu. Yoyamba ndi yomwe mankhwala amasiyapo maelekitironi. Yachiwiri imangotseka njira kuti magetsi azungulire. Yachitatu, yomwe kawirikawiri imakhala ya siliva wokutidwa ndi mchere wa siliva, siilola magetsi ambiri kudutsa. Ntchito yake ndi kukhala chikhomo chosasuntha chomwe voliteji imawerengedwera kuchokerapo. Chikhomochi chikasuntha, kaphiri konse kamasunthanso, ndipo makina akhoza kutchula dzina lolakwika. Kuwawasa kwa madzi nako kumasuntha kaphiri ka panado, pafupifupi mamilivoti 59 (milivoti ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a voti) pa sitepe imodzi ya pH, womwe ndi muyeso wa kuwawasa. Ndiye chifukwa chake choyezedwacho amayamba achisakaniza ndi madzi a mchere wa phosphate, omwe salola kuwawasa kusinthasintha.

Sizinayambe dzulo

Mu 1922, ku Prague, Jaroslav Heyrovský anatulukira njira imeneyi pogwiritsa ntchito madontho a mercury ngati elekitirodi, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1959. Mercury ndi poizoni, motero anthu anafunafuna china. Mu 1958 Ralph Adams wa ku yunivesite ya Kansas anapanga elekitirodi ya phala la ufa wa kaboni, yomwe mpaka lero ophunzira amaikanda okha m'labotale. Mu 1962 Leland Clark ndi Champ Lyons anabwera ndi ganizo loika enzayimu, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu, pa elekitirodi kuti ayeze shuga, ndipo pofika 1987 makina a ExacTech, aakulu ngati cholembera, anali pamsika. Chomwe chasintha masiku ano ndi mtengo. Maelekitirodi amasindikizidwa pa pulasitiki kapena papepala ndi inki ya kaboni, ndipo makina owerengera achepa mpaka ena amalumikizidwa ku foni.

Kuyeza piritsi

Apa mpomwe sensa imagwira bwino ntchito popanda zokoka zambiri. Woyeza amatenga mapiritsi angapo, kuwapera, kuyeza ufawo pa sikelo, kuusungunula m'madzi, kusefa, n'kudontheza pa elekitirodi. Kenako amafananiza kaphiri kotulukako ndi timapiri ta panado weniweni wa milingo yodziwika. Zophatikizamo kuti piritsi ligwirane, monga sitachi, zambiri sizitaya maelekitironi pa voliteji imeneyi, ndiye sizisokoneza.

Malamulo ake ndi othina ndithu. Buku la milingo ya mankhwala la ku America limalola piritsi la panado kukhala ndi pakati pa 90 ndi 110 peresenti ya zomwe zalembedwa pa paketi. La ku Britain limafuna pakati pa 95 ndi 105 peresenti, kutanthauza 475 mpaka 525 mg pa piritsi la 500 mg. Choncho kungonena kuti panado alimo sikokwanira. Sensa yomwe imaphonya ndi 10 peresenti ikhoza kugwira piritsi la ufa wokhawokha, koma singaweruze piritsi lomwe laperewera pang'ono.

Pali zina ziwiri zomwe njirayi imathandiza. Panado akasungidwa potentha ndi pachinyezi kwa nthawi yaitali, ena mwa mamolekyulu ake amasweka n'kukhala 4-aminophenol, chinthu chomwe chimaononga impso. Chimenechi chimataya maelekitironi pa voliteji yotsika kuposa panado, motero chimaoneka ngati kaphiri kena kapadera kotumphuka ka panado kasanafike. Chachiwiri ndi kupeza panado pomwe sayenera kupezeka. Kumwera chakum'mawa kwa Asia, m'zaka za m'ma 2000, ofufuza anapeza mapiritsi achinyengo a malungo a artesunate omwe ena mwa iwo anali ndi panado mkati. Ukathyali wake ndi woopsa. Thupi limazizira, wodwala amaganiza kuti akuchira, pomwe tizilombo ta malungo tikuswana.

Chifukwa chiyani kuyeza magazi?

Molekyulu ya panado ikataya maelekitironi 2 aja pa elekitirodi, imasanduka chinthu chotchedwa NAPQI. Chinthu chomwechi chimapangidwanso m'chiwindi cha munthu. Panado wambiri amene timamwa chiwindi chimamusintha bwinobwino n'kutuluka ndi mkodzo, koma kagawo kochepa kamasanduka NAPQI, yemwe ndi poizoni. Pa mlingo woyenera, womwe kwa munthu wamkulu suposa 4 g patsiku, chiwindi chimamugonjetsa ndi chitetezo chake chotchedwa glutathione. Mlingo ukapyola kwambiri chitetezocho chimatha, ndipo NAPQI amayamba kuononga chiwindi.

Vuto ndi lakuti tsiku loyamba munthu akhoza kungomva nseru, mwinanso osamva kanthu. Chiwindi chimadzaonetsa kuti chavulala patapita masiku awiri kapena atatu. Mankhwala ake alipo, N-acetylcysteine, koma amagwira bwino koposa akaperekedwa pasanathe maola 8. Wamwa panado wopyola mlingo, kaya mwangozi kaya ayi, asadikire zizindikiro, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo mwangozi zimachitika ndithu, munthu akaphatikiza panado ndi mapiritsi a chimfine omwe alinso ndi panado mkati.

Mu 1975 madokotala awiri, Barry Rumack ndi Henry Matthew, anatulutsa tchati chomwe chimagwiritsidwabe ntchito. Magazi amatengedwa patapita maola 4 kapena kuposerapo chimwereni mankhwalawo, ndipo mlingo wopezekawo umaikidwa pa tchaticho. Ku America, wopezeka ndi 150 mg pa lita imodzi ya magazi pa ola lachinayi amayamba kulandira chithandizo. Ku Britain malirewo anawatsitsa kufika pa 100 mg mu 2012. Pomwe palibe makina oyezera, dokotala amadalira zomwe wodwala kapena omuperekeza akunena za kuchuluka kwa mapiritsi ndi nthawi yomwe anamwa, zomwe nthawi zambiri sizikhala zenizeni. Kasitiripi kopereka yankho m'mphindi imodzi pa bedi la wodwala kangasinthe zambiri pamenepa.

Magazi ali ndi alendo ambiri

Madzi osungunuliramo piritsi ndi oyera. Magazi, malovu, mkodzo ndi thukuta muli zinthu zambirimbiri, ndipo zina zimataya maelekitironi pa voliteji yoyandikana ndi ya panado. Zovutitsa kwambiri ndi vitamini C ndi uric acid, yemwe amayambitsa nyamakazi ya gout uja akachuluka. Timapiri tawo timalowana ndi ka panado n'kuoneka ngati kamodzi kakatali, ndipo makina amawerenga zonse ngati panado.

Kuti izi si nkhambakamwa, umboni wake unaoneka mbali ina. Shuga sataya maelekitironi mwachisawawa, amafuna enzayimu yomuthandiza. M'masensa ena omwe odwala shuga amavala pakhungu usana ndi usiku, enzayimuyo imatulutsa hydrogen peroxide, ndipo elekitirodi imayeza ameneyo. Koma pa voliteji yomweyo panado nayenso amapereka maelekitironi ake. Ovala masensa a G4 ndi G5 a kampani ya Dexcom ankachenjezedwa kuti akamwa panado, nambala ya shuga ikwera mwabodza. Pa G6, yomwe inatuluka mu 2018, kampaniyo inaonjezera kachikopa kotchinga, komabe malangizo ake amati munthu asapyole 1 g pa maola 6 alionse. Kufewa manja kwa panado, komwe kumamuchititsa kukhala wosavuta kuyeza, n'komwenso kumamusandutsa msokonezi kwa anzake.

Vuto lachiwiri ndi kumatirira. Mapuloteni a m'magazi amakakamira pa elekitirodi, ndipo zotsalira za panado yemwe wayezedwa kale zimapanga kautoto pamwamba pake. Yankho loyamba likhoza kukhala lolondola, lakhumi n'kutsika popanda chifukwa. Masitiripi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya amazemba vutoli. Sensa yofuna kukhala pathupi maola ambiri singalizembe.

Momwe ofufuza amalimbanira nazo

Mapepala ambiri a kafukufuku pa nkhaniyi ali pa chinthu chimodzi, kukuta elekitirodi ndi kenakake. Ena amapaka graphene, kaboni wopyapyala mpaka atomu imodzi, yemwe Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anamupatula ku Manchester mu 2004. Ena amaika timachubu ta kaboni kapena timibulu ta golide. Zimenezi zimachulukitsa malo omwe mamolekyulu angafikepo ndi kufulumizitsa kudutsa kwa maelekitironi. Timapiri timakhala tosongoka, ndipo tomwe tinalowana timapatukana.

Ena amasefa. Kachikopa ka Nafion kali ndi mphamvu ya magetsi ya negativu. M'magazi, vitamini C ndi uric acid nawonso amakhala a negativu, ndiye amakankhidwa, pomwe panado, amene alibe mbali, amadutsa. Mu 2020 gulu la Sam Emaminejad ku yunivesite ya California ku Los Angeles linagwiritsa ntchito kachikopa kameneka pa elekitirodi ya dayamondi wosakaniza ndi boron, n'kupanga wotchi yoyeza panado m'thukuta. Malovu nawonso amakopa ofufuza chifukwa mlingo wa panado m'malovu umatsata kwambiri wa m'magazi, ndipo safuna singano. Palinso omwe amaumba pulasitiki mozungulira mamolekyulu a mankhwala, kenako n'kuwatsukamo, kuti patsale timaenje tomwe molekyulu ya mtundu womwewo yokha ndiyo ingakwanemo.

Nanga mankhwala omwe sataya maelekitironi m'pang'ono pomwe? Gentamicin ndi chitsanzo chabwino. Ndi jakisoni yemwe makanda odwala amabayidwa kawirikawiri m'zipatala zathu, ndipo akachuluka m'magazi amaononga impso ndi makutu. Kwa mankhwala otere, gulu la Kevin Plaxco ku Santa Barbara limamangirira kaulusi kakafupi ka DNA pa waya wa golide. Kaulusiko kanasankhidwa kuti kazigwira mankhwala amodzi okha, ndipo kunsonga kwake kuli kautoto ka methylene blue komwe kamasinthana maelekitironi ndi wayayo. Mankhwala akagwidwa, kaulusiko kamapindika, kautotoko kamasendera, magetsi amasintha. Mu 2017 anaonetsa kuti waya wotere, wolowetsedwa mumtsempha wa khoswe wamoyo, amatsata mlingo wa mankhwala pa masekondi ochepa alionse. Mu 2019 ofufuza a ku Imperial College London anayesa njira ina pa anthu 10 athanzi, kachigamba ka tisingano tating'onoting'ono pamkono, kotsata penicillin mothandizidwa ndi enzayimu yomwe imamuswa.

Zomwe sensa siona

Sensa imayankha funso lokhalo lomwe inapangidwira. Ya panado singaone kachilombo, singadziwe ngati jakisoni ali waukhondo, ndiponso singakuuzeni ngati piritsi lidzasungunuka bwino m'mimba, popeza woyeza analipera kale.

Ngozi zazikulu za mankhwala amadzimadzi a ana zinabwera kuchokera pomwe sensa yotere siyang'ana. Ku Haiti mu 1995 ndi 1996 ana opitirira 80 anamwalira atamwa panado wamadzi. Chomwe chinawapha si panadoyo. Glycerin yemwe anasungunuliramo anali woipitsidwa ndi diethylene glycol, poizoni woononga impso. Ku Gambia mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ndi mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine oipitsidwa ndi poizoni yemweyu pamodzi ndi ethylene glycol. Botolo likhoza kukhala ndi mankhwala eniake pa mlingo wolondola, kaphiri kake n'kuima pamalo pake, koma lili ndi imfa mkati. Poizoni ameneyu amafufuzidwa ndi njira ina, makamaka ya m'labotale yotchedwa gas chromatography.

Bwanji sitikuziona ku famase?

Ku Malawi ntchito yolondera mankhwala ili m'manja mwa bungwe la PMRA, ku Zambia ZAMRA. Mabungwe otere padziko lonse amadalira kwambiri makina a HPLC, omwe amayamba alekanitsa zonse zomwe zili m'mankhwala asanaziyeze chimodzichimodzi. Ndi odula, amafuna magetsi osazimazima, madzi apadera ndi katswiri, koma yankho lake limaima m'khoti. Zoyezera za kumidzi ziliponso, monga GPHF-Minilab, labotale ya m'masutukesi yomwe yakhala ikugwira ntchito kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sensa za magetsi zikufuna malo pakati pa ziwirizi: zopepuka kunyamula, koma zopereka nambala. Ngakhale oziyamikira kwambiri amavomereza kuti poyamba ntchito yake ikhala yosankha zokayikitsa, zomwe kenako zizitumizidwa ku labotale.

Pali kanthu kena komwe munthu amaona akawerenga malipoti ambiri a kafukufukuyu. Ofufuza amapikisana pa kuchepa kwa mlingo womwe sensa yawo ingamve, ena mpaka kutsika koposa kambirimbiri mlingo womwe umapezeka m'magazi a munthu amene wamwa piritsi limodzi. Pofufuza zotsalira za mankhwala m'madzi a mumtsinje zimenezo n'zofunika. Koma dokotala wa wodwala uja akufunsa za 100 kapena 150 mg pa lita, mlingo womwe ngakhale elekitirodi ya kaboni wamba imaumva. Chomwe akusowa ndi sensa yomwe ipereke yankho lomwelo lero ndi mawa, pa sitiripi yoyamba ndi ya nambala 10,000, itakhala miyezi m'kabati yotentha ya chipatala chaching'ono. Graphene wopakidwa ndi dzanja la wophunzira mmodzi m'labotale satsimikizira zimenezo.

Komanso kafukufuku wambiri sayeza odwala enieni. Amatenga magazi kapena mkodzo wa munthu wathanzi, kuthiramo panado wodziwika mlingo, kusungunula ndi madzi ambiri, n'kuona ngati sensa ibweza nambala yomweyo. Ndi poyambira pabwino, koma m'thupi la wodwala muli zotsalira zomwe chiwindi chapanga, mankhwala ena omwe akumwa, mwinanso chikasu. Mukaona nkhani yakuti kachipangizo kakuti kalondola ndi 98 peresenti, ndi bwino kufunsa ngati magaziwo anali a odwala kapena othiridwa mankhwala m'botolo.

Chomaliza ndi msika. Masitiripi a shuga anafika pa okala a mankhwala chifukwa ogula ndi ambiri. Mu 2021 bungwe la International Diabetes Federation linawerengera akuluakulu 537 miliyoni odwala shuga padziko lonse, ndipo omwe amadziyeza mwa iwo amatero mobwerezabwereza moyo wawo wonse. Wopyoza mlingo wa panado amayezedwa kamodzi kapena kawiri basi. Kampani yofuna kupanga sitiripi ya panado iyenera kulipira mayeso pa odwala, chilolezo m'dziko lililonse ndi fakitale yosaphonya mlingo, pomwe ogula ake ndi zipatala ndi mabungwe a boma omwe ndalama zawo n'zoperewera kale.